Ana a Masiku Ano ndi Ife a Dzana

Senderani pafupi, omvera, kulikonse kumene mawu anga akukupezani: inu a muno mu Lichinga, ku Chiuaula, ku Namacula, ku Sanjala ndi ku Muchenga; inu a kunyanja, ku Meponda, ku Metangula, ku Messumba mpaka ku Cóbuè; ndi inu a kutsidya, ku Likoma ndi ku Mangochi, amene mumatimva mphepo ikakoma. Lero tikambirana nkhani imene imatuluka paliponse pamene akuluakulu akhala pansi, kaya ndi pamaliro, pabawo, kapena potuluka m'tchalitchi ndi mumzikiti. Nkhaniyo imayamba ndi mawu amodzimodzi nthawi zonse: ana a masiku ano.

Mawu amenewa timawanena mokalipa, koma pansi pake pali chisoni. Ine ndine mmodzi wa owanena. Ndinabadwira kunyanja dziko lino lisanalandire ufulu, ndaphunzitsa ana m'kalasi zaka zambiri, komabe pali masiku amene ndimakhala m'nyumba yanga yomwe, pakati pa adzukulu anga enieni, osatha kutsata zimene akukamba. Amaseka pamene ine sindikuonapo choseketsa. Nyimbo zawo ndimangomva kugunda kokha. Chilankhulo chawo ndi Chipwitikizi chosakaniza ndi Chiyao, Chinyanja, Chingelezi ndi mawu ena amene angobadwa chaka chathachi. Pondinena kwa anzawo amati cota. Madzulo, nthawi imene kale inali ya nthano ndi ndagi, aliyense amaweramira foni yake, nkhope zokha zikuwala mumdima.

Pitani pamsika wa Chiuaula kumapeto kwa mwezi, mukaime pafupi ndi ambulera ya wotapitsa ndalama za M-Pesa kapena e-Mola. Mukaona mayi wachikulire, amene walera ana, waika maliro, walima nyemba ndi kachewere m'minda ya kumapiri kuno moyo wake wonse, akumasula foni pamfundo ya chitenje. Mwana wake wa ku Nampula watumiza kangachepe. Foniyo mayi saidina yekha. Akuipereka kwa mdzukulu wa zaka 12, nambala yachinsinsi akumunong'oneza kukhutu. Kamwanako zala zikungothamanga, maso ali kwina, ndipo ntchito yatha mayi asanamalize n'kufunsa komwe ngati zatheka. Wotapitsa uja akatchula ndalama, mayi akuwerengera m'mutu mwa ma conto, monga tinkachitira boma lisanachotse maziro atatu pa metical mu 2006. Palibe amene wamuchitira mwano. Koma muyang'aneni nkhope pobwerera. Chikumuwawa n'chakuti thukuta la mwana wake, chinthu chake chomwe, sangachifikire popanda kudzera m'manja mwa khanda la dzulodzuloli.

Apa m'pamene pagona nkhani. Kale wofunsa anali mwana. Ankafunsa nthawi yodzala, mtengo wochiza chifuwa, zizindikiro zoti mwera wayandikira asalowe panyanja ndi bwato, mawu opepesera pamaliro. Lero wofunsa ndife. Munthu wamkulu akaleka kufunsidwa amamva kuti wachotsedwa pa udindo popanda mlandu, ndipo zikatero pakamwa pake pamayamba kutuluka zodzudzula zokhazokha. Mwana naye akadziwa kuti kukhala pafupi ndi agogo n'kukalipiridwa, amasankha kukhala patali. Mpata umakula chotero, tsiku ndi tsiku, popanda amene anaufuna.

Tiyeni tione kaye kukula kwa nkhaniyi. Kalembera wa 2017 anapeza anthu pafupifupi 28 miliyoni m'Mozambique, ndipo oposa theka anali asanakwanitse zaka 18. Anthu ambiri a dziko lino anabadwa pangano la mtendere la ku Rome, la pa 4 Okutobala 1992, litasainidwa kale. Ife amene tinaona mbendera ikukwera pa 25 Juni 1975 tatsala owerengeka. Tikamati ana a masiku ano tikunena unyinji wa dziko lino, ndipo ochepa ndife.

Mzinda womwewu wa Lichinga wasintha tikuona. Apwitikizi anaukhazikitsa mu 1931 n'kuutcha Vila Cabral. Njanji inafika mu 1969, nkhondo inaifooketsa mpaka sitima inkangobwera mwa apo ndi apo, ndipo inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. Tikukumbuka kuti ulendo wa ku Cuamba m'dzinja unali wogona panjira, galimoto itatitimira m'matope mpaka m'mimba. Kalata ya ku Maputo inkatha milungu ili m'njira. Nkhani tinkamvera pa wailesi ya Xirico, nyumba zingapo kuzungulira kabokosi kamodzi, mabatire tikuyanika padzuwa kuti atiperekezeko usiku wina. Kenako kunabwera magetsi a Cahora Bassa, phula la msewu wa ku Mandimba ndi Cuamba, ndi mafoni: mCel, Vodacom mu 2003, ndi Movitel mu 2012, imene inakoka nthambo zake mpaka m'midzi. Lero gule wovinidwa ku Johannesburg m'mawa, mwana wa ku Sanjala amamuvina madzulo ake. Amapiano a ku South Africa, bongo flava ya ku Dar es Salaam, pandza ya ku Maputo, zonse zili m'thumba lake. Ife tinakulira ku Niassa wotsekeka, wakutali ndi aliyense. Iwo akukulira ku Niassa amene zitseko zake zonse zatseguka pakamodzi.

Dziko lathu lili ndi chizolowezi chotcha mibadwo ndi masiku. Pali m'badwo wa 25 Seputembala, wa amene ananyamula mfuti mu 1964. Kuno ku Niassa nkhondoyo inayambira ku Cóbuè, kwawo kwa Paulo Samuel Kankhomba, amene sukulu ya sekondale ya muno ili ndi dzina lake, ndipo mu Julayi 1968 msonkhano waukulu wachiwiri wa Frelimo unachitikira ku Matchedje, m'chigawo chathu chomwe chino. Pali m'badwo wa 8 Malichi, wa mu 1977, pamene Samora Machel anauza ophunzira a makalasi apamwamba kuti aimike kaye sukulu, apite kukaphunzitsa, kulowa usilikali ndi kugwira ntchito zimene Apwitikizi anasiya pochoka. Taganizani bwino: onsewa anali anyamata ndi atsikana. Ambiri sanatsanzike makolo powoloka Rovuma usiku. Aphunzitsi a zaka 18 ankaima pamaso pa mafumu n'kumawauza kuti miyambo ina ikubweza dziko m'mbuyo. Akuluakulu a nthawiyo anapukusa nafe mitu monga mmene ife tikupukusira ndi awa.

Ndiyeno pa 9 Malichi 2023 woimba Azagaia anamwalira ali ndi zaka 38. Ambiri a msinkhu wanga anali asanamvepo nyimbo yake ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Tinadabwa ndi khamu limene linaperekeza maliro ake ku Maputo. Pa 18 Malichi, achinyamata atafuna kuyenda m'misewu pomukumbukira, apolisi anawabalalitsa ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo kuyambira pamenepo ena mwa iwo anayamba kudzitcha m'badwo wa 18 Malichi. Za ndale aliyense ali ndi maganizo ake, ngakhalenso pa zimene zinatsatira chisankho cha Okutobala 2024, ndipo lero sitiweruza zimenezo. Chimene ndikufuna muone n'chakuti ana athu anali ndi munthu wowalankhulira kwa zaka zoposa 15, ife osadziwa. Ankamumvera pa timawaya ta m'makutu tija timawakalipira nato. Tinkagona denga limodzi, kudya nsima ya m'mbale imodzi, koma chimene chinkawaliza sitinkachidziwa.

Nawonso zathu sazidziwa, ndipo mlanduwo suli pa iwo okha. Funsani mwana wa sekondale za Operação Produção ya mu 1983, pamene anthu masauzande anatoledwa m'misewu ya Maputo ndi Beira, ati ndi osagwira ntchito, n'kudzatsitsidwa kuno ku Niassa, ena ku Unango, opanda m'bale, opanda chofunda choti n'kulimbana ndi chisanu cha kuno. Ena mwa ana tikuwanenawa ndi adzukulu a anthu amenewo, koma agogo awo sanawauzepo kanthu. Afunseni za guia de marcha, kalata imene munthu ankayenera kukhala nayo kuti achoke boma lina kupita lina. Afunseni za mizere ya pasitolo yoyamba kusanache, za kugona kuthengo mvula ili pamsana, za abale athu oposa 1 miliyoni amene anathawira ku Malawi. Tinakhala chete chifukwa zinali zowawa, komanso chifukwa mtendere wa 1992 tinausunga posakumbutsana. Kukhala chete kumeneko kunali ndi nzeru yake. Koma mwana amene sanauzidwe chifukwa chimene agogo ake amadzidzimukira akamva kuphulika, kapena chimene amamuletsera kutsutsana ndi wovala yunifolomu, amangoti ndi mantha a ukalamba. Timamuuza kuti usapite, osamuuza zimene maso athu anaona.

Tsopano tione dziko limene iwo akukhalamo. Tinawauza kuti limbikirani sukulu mudzapeza ntchito, ndipo kwa ife zinali zoona, poti m'zaka zoyamba za ufulu munthu wodziwa kulemba ndi kuwerenga boma linkamuitana asanapemphe n'komwe. Iwo anamvera. Amaliza kalasi 12, ena alowa UniRovuma, ena Universidade Católica, ena aphunzira zaulimi ku Unango pansi pa UniLúrio. Satifiketi ili m'chikwama pansi pa bedi. Kaimeni pamphambano iliyonse ya mzinda uno m'mawa wa Juni, nkhungu itakuta mitengo ya paini, mukaone anyamata atakhala pa njinga zamoto, manja atapisa m'jekete, kudikira wokwera. Njingayo nthawi zambiri si yake. Madzulo apereke ya mwini njinga, agule petulo, zotsalazo ndiye za ndiwo. Ena apita ku Lupilichi kukakumba golide m'maenje amene anzawo ena sanatulukemo. Ena ali pamalire a Mandimba ndi katundu wapamutu. Atsikana akutsatsa zovala za kaunjika ndi makeke pa WhatsApp. Foni imene ife timaiyesa choseweretsa, kwa iwo ndiyo sitolo, ndiyo banki, ndiyonso khomo lofunsirapo ntchito. Tikamuuza mnyamata wotere kuti pa msinkhu wako ine ndinali ndi nyumba, mkazi ndi ana, mawuwo amamulasa, chifukwa nayenso amafuna zomwezo. Akayankha kuti tsobola wakale sawawa, akunena kuti malangizo athu tinawasokera dziko limene kulibenso.

Ngakhale za banja zayenda momwemo. Kwa ife Anyanja, ndi kwa abale athu Ayao, mwini mbumba ndi malume. Mnyamata akaona mbeta ankayamba wauza malume ake, ankhoswe n'kuyenda, mabanja awiri n'kudziwana mwana asanabadwe. Lero awiri amakumana pa Facebook, wina ali ku Lichinga wina ku Pemba, amalowana m'nyumba ya lendi, ndipo ankhoswe amaitanidwa zinthu zitavuta kale. Amalume ambiri amadandaula kuti anawo sawalemekeza. Koma ulemu wa malume unkayenda pamodzi ndi udindo: ankagawa munda, ankalipira mlandu, ankagula yunifolomu ya sukulu. Kumene malume akadali kuyendera ana a mlongo wake, kuwafunsa za mayeso ndi za lendi, anawo amabwerabe kudzagwada akapeza banja. Ndaziona m'mabanja ambiri muno.

Inu a kunyanja, ndiloleni ndikukumbutseni za gule wathu, mganda. Lero kukabwera alendo olemekezeka timatulutsa mganda n'kunena kuti ichi ndiye chikhalidwe cha makolo. Koma tawayang'anani ovinawo. Malaya oyera, kabudula woyera wosita bwino, masokosi ofika m'mawondo, mizere yowongoka ya perete, wina mfumu, wina kapitawo, wina dokotala, malipenga a mphonda akulira motsanzira bandi ya asilikali. Kodi makolo athu akalekale ankavala masokosi? Akatswiri a mbiri, monga Terence Ranger amene analemba buku la gule wa beni mu 1975, anasonyeza kuti magule a mtundu umenewu anayambira m'magulu a anyamata a m'matauni a kugombe la nyanja yamchere, monga Mombasa ndi Lamu, ndipo anafalikira kuno makamaka ndi obwera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi obwera kuntchito zakutali. Mganda unali gule wa anyamata odzionetsa, otengera za azungu, othera ndalama pa sopo ndi zovala. Amishoni ena ndi atsamunda ankawakayikira magule amenewa. Anyamata amenewo ndiwo agogo athu, ndipo chimene anatola kwa alendo anachiumba mpaka chinasanduka chathuchathu. Ndikaona mtsikana akuvina amapiano koma m'chiuno mwake muli chioda, ndimadziwa kuti ntchito yomwe ija ikupitirira. Za zovala nazo, mabuluku otambalala kumapazi, tsitsi lalitali ndi masiketi aafupi a m'ma 1970 anali athu. Kutsidya ku Malawi boma linafika poika lamulo mu 1973 loletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo zaka pafupifupi 20. Amene ankathamangitsidwa ndi lamulolo ndiwo agogo a lero.

Pamenepa wina anena kuti mkuluyu wagonja, akuvomereza zonse. Ayi ndithu. Pali zinthu zimene zimandisowetsa tulo, ndipo sindidzaleka kuzinena. China ndi juga ya pafoni. Kale wotchova juga ankabisala kuseri kwa msika, mudzi wonse n'kumudziwa. Lero juga ili m'thumba la mwana, usana ndi usiku, ndipo ndalama ya mayeso, ya lendi, ya njinga ya eni ake imatha mwakachetechete, iye maso ali pa kandege kouluka pagalasi. China ndi bodza lothamanga. Uthenga umodzi wa mawu, wopanda mwini, ungathe kudzutsa mudzi wonse kukaukira munthu wosalakwa, ngakhale wazaumoyo amene wabwera kudzathira mankhwala pachitsime. Pa ichi tisaloze ana okha, poti ifenso akuluakulu timatumiza mauthenga otere kwa anzathu tisanafunse kumene achokera.

Chimene chimandipweteka koposa ndi chilankhulo. Muno muli ana, bambo Mnyanja, mayi Myao, amene sangathe kupereka moni wofikapo kwa agogo awo m'chilankhulo chilichonse mwa ziwirizi. Pamaliro amaima chapatali, osadziwa kuti polowa m'siwa munthu amakhala pati, amanena chiyani. Koma zinayamba ndi iwo kodi? M'masukulu a atsamunda mwana wolankhula chakwawo ankalangidwa, ndipo ufulu utabwera chizolowezicho chinapitirira, poganiza kuti umodzi wa dziko ufuna chilankhulo chimodzi. Makolo ambiri a m'tauni anasankha kulankhula ndi ana awo Chipwitikizi chokha kuti asakavutike m'kalasi. Boma linadzasintha maganizo. Linayesa kuphunzitsa m'Chinyanja ku Tete kuyambira 1993, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'masukulu ena, Chinyanja ndi Chiyao zili momwemo. Wailesi imalankhula zilankhulo zathu tsiku lililonse. Koma chilankhulo chimakulira pakhomo, pamene mayi akutuma mwana kukatunga madzi kapena bambo akumuonetsa kasokedwe ka ukonde, ndipo pamenepo palibe lamulo la boma limene lingatigwirire ntchito.

Palinso zimene ana akukana, ndipo akukana bwino. Mtsikana wa zaka 14 akatuluka ku chinamwali kapena ku nsondo n'kunena kuti ine ndibwerera kusukulu, za banja ayi, ena amati wataya mwambo. Kuyambira 2019 lamulo la dziko lino, nambala 19/2019, limaletsa kukwatitsa kapena kutomeretsa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga akuluakulu ochititsa zimenezi. Unyago, ndiko kuti chinamwalicho, uli ndi zabwino zambiri: ulemu, ukhondo, kupirira, kudziwa kuti ndiwe mwana wa anthu. Anankungwi, anakanga ndi angaliba amene akusunga zimenezi n'kusiya zija zokankhira mwana kwa mwamuna, amenewo ndiwo akupulumutsa mwambo. Chikhalidwe chikapanda kumva kulira kwa ana ake, anawo amachithawa chonse, chabwino ndi choipa pamodzi.

Tisanene kuti umunthu watha mwa iwo. Pakagwa zovuta pakhomo, yang'anani amene akuthamanga. Uthenga wa maliro umene kale unkatenga masiku, mnyamata akupalasa njinga mudzi ndi mudzi, lero mdzukulu amauika pagulu la banja pa WhatsApp, ndipo dzuwa lisanalowe chipepeso chayamba kulowa pafoni kuchokera ku Nampula, ku Maputo, ku Lilongwe, ku Johannesburg. Wina akulemba mayina a opereka, wina wapita kukafuna matabwa, wina wanyamula amayi pa njinga yamoto osawalipiritsa. M'mawa mwake okumba manda ndi anyamata omwe aja a mabuluku ong'ambika m'mawondo, dothi lofiira lili mpaka m'tsitsi. Mtima wothandizana ulipo. Njira zake ndi zimene zasintha.

Mibadwo iwiri ikagwirizana pamatuluka zinthu, ndipo umboni uli pakhomo pompano. Feliciano dos Santos, mwana wa muno mu Lichinga, ndi anzake a gulu la Massukos anatenga magitala amagetsi, zida za anyamata a m'tauni, n'kuikamo kaimbidwe ka m'midzi ya Niassa, m'Chiyao, m'Chinyanja ndi m'Chimakua. Anayenda mudzi ndi mudzi akuimba za kusamba m'manja, za zimbudzi ndi za Edzi, ndipo mu 2008 Feliciano analandira mphoto ya Goldman ku America chifukwa cha ntchitoyo. Kutsidya, Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu anaimba moyo wake wonse akudziwika makamaka kwawo ku Malawi. Mu 2020 Patience Namadingo, wa msinkhu wa mdzukulu wake, anakhala naye pansi n'kujambula naye nyimbo zake zakale, ndipo nyimbo ya Linny Hoo inazungulira dziko lonse pa TikTok mkuluyo ali ndi zaka zoposa 90. Nyimbo inali ya mkulu, njira inali ya mwana, ndipo palibe mwa awiriwa akanafika kumeneko payekha.

Tsono inu anzanga a imvi, tiyambe kufunsa. Safunsa anadya phula, ndipo mwambiwu sunaikiridwe malire a zaka. Mdzukulu akavala timawaya m'makutu, m'pempheni akuvekeni kamodzi, akumasulireni mawu a nyimboyo. Mwina simuikonda, palibe kanthu, koma mudziwa chimene chikumudya mumtima. Akamakuthandizani pafoni musamangomupatsira n'kuyang'ana kumbali. Muuzeni achite pang'onopang'ono, inu mubwereze nokha mpaka chala chizolowere. Tinaphunzira ndalama yatsopano mu 1980 pamene metical inalowa m'malo mwa escudo, tinaphunziranso mu 2006, izinso tiphunzira. Komanso tisiyanitse chimene changotinyansa ndi chimene chili choopsa. Kametedwe ka tsitsi sikanaphepo munthu. Tikamakalipa pa chilichonse, tsiku lodzachenjeza za juga kapena za dzenje la golide mawu athu adzakhala atasukuluka.

Koposa zonse, tiyambe kunena nkhani zathu, zenizenizo, ndi mayina a midzi ndi mitsinje, ngakhale zowawa zija. Musadikire kuti adzakhale mozungulira moto monga kale. Nenani muli panjira ya kumunda, mukusenda nyemba, muli pamzere kuchipatala. Foni yomweyo imajambula mawu. Muuzeni mdzukulu ajambule pamene mukufotokoza mmene munawolokera usiku kupita ku Likoma, mayina a mphepo za panyanja, mbumba yanu kuyambira kwa agogo a agogo. Inu aphunzitsi, pa 25 Seputembala ndi pa 4 Okutobala itanani nkhalamba za m'dera lanu zilowe m'kalasi, ana azifunse okha. Inu atsogoleri a mganda ndi chioda, apatseni anyamata ndi atsikana malo pamzere, ndipo amene sakufuna kuvina ajambule. Tikapita tisananene, zonsezi zipita nafe kumanda, ndipo palibe Google imene idzazifukule.

Inu ana anga, adzukulu anga, ngati mawuwa akukupezani pa njinga kapena pakauntala yogulitsira mayunitsi, ndimvereniko pang'ono. Mkulu akakufunsani kachitatu mmene amatumizira uthenga, musamulande foni m'manja. Ameneyo ndiye anakuphunzitsani kutema nsima, ndipo sanawerenge kuti wabwereza kangati. Mukafika pakhomo vulani timawayato, perekani moni wofikapo, funsani mmene adzukira, dikirani yankho. Zimatenga mphindi imodzi, koma munthu amene watandala yekha amazikumbukira mpaka mawa. Ndipo nanunso funsani. Agogo mumawaona atakhala duu pakhondewo anaona mbendera ya atsamunda ikutsika, anapyola nkhondo ziwiri, anaika anzawo ambiri. Pa zimene mukulimbana nazo lero, za ntchito, za chilungamo, za kulankhula ndi olamula, iwo anayendamo kale ndipo akudziwa poterera. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Palibe akukukakamizani kuvomera zonse, koma yambani mwamva musanaweruze.

Nthawi yathu yatha, omvera. Ndikusiyirani ntchito imodzi yoti muchite lero lomwe, musanagone. Wamkulu afunse mwana funso limodzi limene yankho lake sakulidziwa, ndipo amvetsere mpaka mwanayo amalize, osamudula. Mwana afunse wamkulu kuti pa msinkhu wangawu munali kuti, munkaopa chiyani, munkafuna chiyani. Mawa muchitenso chimodzimodzi.